Amayi, Ingodumphani

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale achemwali anga amene akundilerera mwana ku Lilongwe. Zoti mwana wanga ankakhulupirira kuti ndimakhala m'mitambo ndinkazidziwa kuyambira pachiyambi, ndipo ndinkazithirira manyowa dala. Achemwali mpaka lero amangoti zinali nzeru za mwana. Ayi ndithu, munali dzanja langa m'menemo.

Mwanayo ndi wamkazi, ndipo ndinamusiya ali ndi zaka zinayi. Tsiku limene ndinkanyamuka anandiperekeza ku bwalo la ndege atavala diresi lake lachikasu la kutchalitchi. Achemwali amati ndege itanyamuka anaiyang'ana ikukwera, ikuchepa, mpaka inalowa m'mitambo. Kutera kwake sanakuone. Ndiye kwa iye nkhani inali yosavuta: amayi akwera, ndipo kumene akwerako ndiye ku Doha.

Ine kuno ndimakonza m'zipinda pa hotelo ina yaitali kwambiri. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji ya zamahotelo, yachidindo chofiira bwinobwino, ndipo yandithandiza ndithu, chifukwa chilichonse chimene ndikupukuta ndimachidziwa dzina lake m'Chingerezi. Anandiika ku nsanjika zapamwamba, kumene ukakwera lifiti makutu amatseka. Masiku oyamba sindinkayandikira zenera. Ndinkapukuta galasi nditatambasula mkono, nkhope nditalozetsa kukhomo ngati ndikusambitsa munthu wamkulu.

M'miyezi yozizira kuno kumagwa chifunga masiku ena m'mawa. Chimaphimba mzinda wonse, misewu, magalimoto, nyanja, n'kusiya mitu yokha ya nyumba zitalizitali ikusuzumira pamwamba. Tsiku lina lotere ndinali m'chipinda chimene mlendo anali atangotulukamo. Supavaiza anali kutali, ndiye ndinaba kanthawi n'kuimba vidiyo kwathu. Ndinkangofuna kuti mwana aone zokongola. Ndinatembenuzira foni kuzenera.

Anakuwa mpaka foni inanjenjemera. "Amayi! Mitambo ili pansi panu!"

"Eee, waiona?"

"Nanga mumatsika bwanji?"

Yankho lake linali lalifupi, ndipo ndinali nalo pakamwa: pa lifiti, mwananga. Koma muyenera kudziwa mmene mafoni athu ankathera masiku amenewo. Ulendo uliwonse unkathera pa funso limodzi, loti mubwera liti, kenako kulira, kenako achemwali kulanda foni, ine n'kutsala ndikuyala bedi la munthu wosamudziwa misozi ikudonthera pa pilo, mpaka kusintha pilo kesi kachiwiri. Ndiye ndinameza lifitiyo.

"Kutsika kwake n'kovuta, mwananga," ndinatero.

Iye anati, "Pepani, amayi."

Kuyambira tsiku limenelo kulira kunatha. Ndinasiya kukhala mayi amene sakubwera, ndinasanduka mayi amene wakanirira pamwamba ngati mphaka pa denga. Ankandimvera chisoni. Ankandifunsa ngati mbalame sizindisokosa, ngati mvula imayambira kwathuko, ngati zovala zimauma. Ine ndinkayankha mozungulira, osanama bodza lenileni loti ungakaulule kwa abusa, koma osanenanso zoona. Ndipo ndinasamala kuti ndiziimba ndili pa zenera lam'mwamba. Kumene timagona ku Al Muntazah ndi chipinda chapansi penipeni, kuseri kwa shopu ya matayala, ndipo amphaka amamenyanirana pakhomo pathu. Ndikaimbira kumeneko ndinkatsamira khoma loyera, n'kuuza anzanga ogona nawo kuti atseke chitseko.

Zinayenda bwino mpaka alamu anga analowererapo.

Alamuwa, amuna awo a achemwali, ndi munthu wabwino, koma foni yawo ndi yodzaza ndi anthu ofuna kufa. Wina akuyenda pa chingwe, wina akupsompsona ng'ona. Madzulo ena anaitana ana kuti adzaone zodabwitsa. Munthu atavala chovala choyera chonenepa ngati wadzikulunga matiresi, kumutu chipewa chagalasi, chibaluni chachikulu chikumukweza. Chinamukweza kupitirira mitambo, kupitirira kumene ndege zimadutsa, mpaka kumene thambo limada bii ngakhale masana, dziko n'kumaoneka lokhota ngati beseni lovundikira. Atafika kumeneko anatsegula kachitseko, anaima pa kakhonde kosakwana mapazi awiri, anakweza dzanja, n'kudziponya. Anagwa, anazungulira ngati chitsononkho, anagwabe, kenako parachuti inatseguka, ndipo anakatera m'tchire ndi miyendo yake iwiri.

Ana enawo anaombera m'manja n'kubwerera kokasewera. Wanga anaonera mobwereza mpaka bandulo ya alamu inatha.

M'mawa mwake ndi iye amene anauza achemwali kuti andiimbire. Nkhope yake inadzaza foni yonse, mphuno yokha inali ngati mbatata.

"Amayi, ndaipeza njira."

"Njira ya chiyani?"

"Yotsikira. Ingodumphani."

Ndinaseka. Iye sanaseke. Anandifotokozera zonse mwadongosolo ngati mphunzitsi wa sitandade wanu, kuti mutsegule chitseko, muime bwino, mubayibitse, kenako mudumphe.

"Koma munthu uja anali ndi chovala chapadera," ndinatero.

"Inunso muli ndi yunifomu."

"Ndilibe parachuti."

"Mabedi shiti mumayala aja? Mutengeko imodzi. Mudzabweza."

"Nanga ndikakagwera kwina? Ku Mozambique?"

"Muziyang'ana nyumba ya geti yobiriwira. Ndikuikirani matiresi panja."

Ndipo anaika. Achemwali pobwera kumsika anapeza matiresi awo ali pakati pa bwalo, mwana atakhala pambali, khosi lili chagada, akuyang'ana kumwamba. Poyamba anaseka, anajambula, ananditumizira. Tsiku lachitatu kunagwa mvula iwo ali ku maliro, ndipo kuseka kunachepako.

Inenso ndinaifunafuna vidiyoyo. Ndinaionera pa buleki, ku kantini ya antchito, mpunga ukuzizira. Munthuyo ataima pa kakhonde kaja ndinaphimba foni ndi dzanja. Ine ndi munthu woti masitepe oyenda okha a m'mashopu akuluakulu ndimayamba ndawawerengera kaye ndisanapondepo, anthu kumbuyo akundiuza m'Chiarabu kuti yala, yala, fulumira. Ndiye mwana wobadwa m'mimba mwanga akuti ndidziponye kuchokera kumene kulibe ngakhale khwangwala.

Ndinawerenga zambiri, chifukwa ine ndikachita mantha ndimawerenga. Ndinapeza kuti kumtundako mpweya ndi wochepa moti munthu sangapume, kuti kumazizira koopsa, kuti anthu otere amakonzekera nthawi yaitali ndi madokotala ndi akatswiri. Ndinamufotokozera mwanayo zonsezi bwinobwino, mfundo ndi mfundo, monga munthu wopita ku koleji. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mukungoopa basi," anatero.

Apa m'pamene ndikananena zoona. Ndinali ndi mpata wonse. Koma ndinaganiza kuti aiwala, monga anaiwalira zofuna kukhala wapolisi wapamsewu. Sanaiwale. Anaganiza zondiphunzitsa.

Anayambira pa khonde. Alamu ndi amene ankajambula, n'kumaulutsa ngati mpira wa pa wailesi: "Wakonzeka, wakonzeka, dziko lonse lili chete!" Mwana n'kudumpha kamtunda kosafika m'bondo, n'kuyang'ana mu foni. "Mwaona, amayi? Sizopweteka." Kenako anadumpha pa mpando. Kenako pa tebulo. Vidiyo iliyonse inkabwera ndi mawu omwewo, ndipo ine ndinkatumiza tizithunzi toseka ngakhale sindinkaseka. Ndinauza alamu kuti asiye kumulimbikitsa. Anandiyankha kuti, "Alamu, musaphe luso. Mwina m'banja muno mutuluka munthu wa pa TV."

Uthenga wa achemwali unandipeza ndikukankha ngolo ya matawulo. Unali wa mawu, ndipo unayamba popanda moni, chimene achemwali sachita.

"Iwe, mwana wakoyu andipha ndi BP. Ukundimva? Wakwera uvuni wa njerwa wa aneba. Pamwamba penipeni! Wamanga chitenje changa cha chigwirizano m'manja monsemu, kumutu wavala poto wanga wophikira nyemba, ana a mu layini yonse ali pamzere kumbuyo kwake kudikira nthawi yawo. Ndisanafike n'komwe wadumpha. Mwayi wake panali mulu wa mchenga. Phazi latupa, mlomo wang'ambika. Tili kuchipatala."

Ndinalowa m'kachipinda kosungira sopo n'kukhala pansi. Sindikumbuka kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka fungo la mankhwala otsukira m'bafa, ndi mnzanga wa ku Nepal akugogoda, akufunsa ngati ndadwala.

Fupa silinathyoke. Madzulo ndinamuona atagona pa mkeka, phazi lili m'bandeji, mlomo uli ngati walumidwa ndi njuchi, koma maso akuwala ngati wapambana chikho.

"Mwaona? Thindinafe," anatero, mlomo ukukanika.

"Mwananga, usadzachitenso. Ukundimva?"

"Chitenje chinachepa. Ndikachira ndikadumpha pa thanki ya madzi ya kusukulu. Ndidzatenga ziwiri."

Achemwali analanda foni n'kutuluka nayo panja. Anatsitsa mawu. "Tamvera. Ine ndamuuza kuti Doha ndi dziko ngati lino mpaka kukamwa kwauma. Akuti ine sindinapiteko ndiye ndingadziwe chiyani. Thanki imene akunenayo waiona kutalika kwake? Umuuze ndiwe. Sindikudziwa kuti anazitenga kuti zimenezi, koma iwe yekha ndi amene angakumvere."

"Chabwino, achemwali," ndinatero, ngati munthu wosadziwanso kumene anazitenga.

Lachisanu ndi tsiku langa la ofu. Ndinavala, ndinatuluka mu msewu wa kwathu ku Al Muntazah, n'kuimba. Ndinamuonetsa shopu ya matayala, malo ogulitsira tiyi, basi ikudutsa, mphaka atagona pansi pa galimoto. Ndinaloza phula. Ndinaponda mwamphamvu kuti amve.

"Ukuona? Ndili pansi. Kuno ndi pansi ngati kwanuko."

Anayang'anitsitsa. "Anachita kukweza."

"Magalimoto onsewa?"

"Pa ndege."

"Mphaka?"

"Mphaka ndi wopepuka."

"Nanga ine ndaima pa chiyani?"

"Pa simenti. Kuhotelo kwanunso pali simenti, koma mitambo ili pansi pake. Ndinaona ndekha." Anaganiza pang'ono. "Tadumphani ndione."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Patsogolo pa malo ometera panali azibambo atakhala pa mipando akumwa tiyi. Ndinadumpha. Mayi wa mwana mmodzi, wasatifiketi, chikwama chikuwuluka, patapata imodzi n'kuvuka. Azibambo aja anasiya kumwa. Mmodzi anafunsa mwaulemu ngati ndaona khoswe.

"Simunadumphe kwambiri," mwana anatero. "Kumbani. Mukakumba muona mitambo."

Mukumbe pati ku Doha? Paliponse ndi phula, matailosi, simenti. Ukangoyamba kukanda pansi ndi supuni pa msewu, sindikudziwa kuti ungakafotokoze chiyani. Ndinagona ndikuganiza, mpaka ndinakumbukira bambo wina amene timapemphera naye, wa ku Dedza, wachikulire ndithu, amene amasamalira maluwa pa nyumba ina yaikulu ku Al Messila. Kuno mwamuna aliyense wa kwathu amene ali ndi imvi ndi malume, ndiye nanenso ndimawatcha malume. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera, kusiyako mbali ya zenera ija.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, ine ndakumba Qatar zaka zonsezi, palibe anabwerapo kudzaonerera. Bwera Lachisanu. Mabwana ali ku holide, ndipo pali mtengo wa mandimu ukufunika dzenje. Inshala, Mulungu akalola, timuonetsa."

Ndinafika dzuwa litapendeka, koma kunja kunali ngati wayandikira mbaula. Malume anali atakonzeka kale, piki ndi fosholo zili poteropo, chipewa chili kumutu. Nditaimba, anavula chipewacho n'kuwerama patsogolo pa foni.

"Muli bwanji, abwana inspekita? Tamva kuti mukukayika dziko lathu."

Mwana anachita manyazi pang'ono, kenako anati, "Ndili bwino, kaya inu agogo. Musamale mungagwe."

"Ndikagwa mundiwakhe kumeneko."

"Amayi, inu gwirani mtengo."

Ndinagwira mtengo wa kanjedza ndi dzanja limodzi, lina lili ndi foni. Kumbuyo kwa mwanayo ndinkaona achemwali atapinda manja, ndi alamu atasuzumira, osafuna kuphonya.

Malume anayamba. Dothi lapamwamba linali lakuda, lofewa, lokongola ngati la kudimba. Anandiyandikira n'kunong'ona: "Ili lokha ndiye anabweretsadi pa lole. Usamuuze, tingaluze mlandu." Ndinadziluma mlomo. Pansi pake panatuluka mchenga woyera, kenako miyala ing'onoing'ono. Thukuta linkayenderera m'khosi mwawo. Akaponya mafosholo angapo ankaima n'kufunsa, "Mitambo yaoneka, abwana?"

"Ayi. Pitirizani."

"Mwana uyu adzakhala foromani," anatero malume.

Dzenje litafika m'mawondo, piki inalira ngwee, n'kudumpha m'manja mwawo. Anamenyanso. Ngwee. Tizidutswa toyera tinathethekera pa siketi yanga. Anakolopa ndi fosholo mpaka mwala unaonekera, woyera, wosalala, wopanda polowera.

"Khalasi, zatha," anatero, akupuma mwamphamvu. "Uyu ndiye Qatar mwini wake. Kupitirira apa n'kufuna makina."

Anatenga foni m'manja mwanga n'kuitsitsira m'dzenjemo. Anagogoda mwalawo ndi chala. Kumbali ya dzenje kunali mizu ya kanjedza, ndipo kanyerere kamodzi kankayenda pamenepo ndi ntchito zake.

"Agogo, taimanimo." Anaimamo. "Tadumphani." Munthu wamkulu, wa zidzukulu, anadumpha m'dzenje ngati mwana wa mbuzi, kawiri konse. Alamu anaombera m'manja ku Lilongwe.

Mwana sanaseke. Anati foni ibwerere kwa amayi. Nditaitenga ndinaona kuti wakhala tsonga pa mkeka paja, akutosatosa bandeji.

"Ndiye muli pansi ngati ife?"

"Eee, mwananga."

"Kuyambira kale?"

"Kuyambira kale."

"Mitambo ija?"

"Chinali chifunga. Chonga chimene chimagwa kudambo m'mawa. Ine ndinali m'nyumba yaitali basi. Madzulo ndimatsika pa lifiti."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Malume mwadzidzidzi anapeza kuti fosholo yawo ikufunika kupalidwa, ndipo anapita nayo kuseri kwa maluwa.

"Nanga bwanji simubwera?"

Ndinayamba kulankhula. Ndinanena za kontirakiti, kuti ndinasaina, kuti livu imabwera pa nthawi yake, kuti kuno n'kutali kwambiri, kudutsa mayiko ndi nyanja, kuti ndili kuno chifukwa cha iye yemweyo, sukulu yake, nsapato zake. Zonse zinali zoona, ndipo ndinkazimva ndekha mmene zinkamvekera, ngati chilengezo cha pa wailesi. Anadikira kuti ndimalize, chifukwa achemwali amulera mwaulemu. Kenako anapereka foni kwa amayi ake aakulu n'kunena kuti akufuna kukasewera. Ndinamuona akutsimphina kulowera kuseri kwa nyumba.

"Zatheka," anatero achemwali. "Wachita bwino. Uwathokoze agogowo."

Malume anabwera ndi madzi ozizira m'botolo. Anangoti ndigwire mtengo wa mandimu uja kuti uime chilili, iwo akukwirira. Tinaudzala, tinauthirira, ndipo ndinakwera basi kubwerera ku Al Muntazah manja ali ndi dothi.

Kuchokera tsiku limenelo sanadumphenso. Phazi linachira, mlomo unatsala ndi kachipsera kakang'ono koti uchite kuyang'anitsitsa. Thanki ya kusukulu amangoidutsa. Alamu anauzidwa mawu amphamvu ndi akazi awo, ndipo masiku ano amaonetsa ana mavidiyo a anthu ophika makeke.

Koma mafoni athu afupika. Amandipatsa moni bwinobwino, amandiuza zimene aphunzira, ndikamufunsa zambiri amati, "Palibe." Salira. Nthawi zina ndimalakalaka atalira. Amandiyankhula ngati mmene umayankhulira ndi mlendo wa makolo ako, amene wakuuza kuti ukhale pansi pomwe anzako akukudikira panja.

Mwezi wathawu achemwali anandiuza akuseka kuti anamupeza pa geti akucheza ndi mnyamata wina wa mu layini mwathu amene ndi kondakitala wa minibasi. Akuti anamufunsa ngati minibasi yawo imafika ku Doha. Mnyamatayo anayankha kuti iwo amathera pa Kanengo, koma afunsa adalaivala. Mwana anati chabwino, amuuze mawa, ndipo afunsenso ngati ana amalipira. Achemwali anaseka mpaka misozi. Ine ndinasekako, kenako ndinawapempha kuti geti izikhala yokhoma, ndipo auze makondakitala onse a pa siteji kuti mwana wa diresi lachikasu asamukweze ngakhale atanena kuti watumidwa.

Livu yanga ikubwera chaka chino chisanathe, ndipo ndagula kale kachikwama ka sukulu kokhala ndi matayala. Sindikudziwa ngati adzandithamangira pa bwalo la ndege kapena adzangondipatsa dzanja.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga amene muli kunja kuno, ana ali kwathu. Miyendo ya mwana wanga ndi yathunthu, zimenezo ndikudziwa, ndipo sindikanasinthanitsa ndi chilichonse. Koma mwina panali njira ina. Mwina ndikanangomuuza kuti boma la m'mitambo laletsa kudumpha mpaka munthu atamaliza kontirakiti, iye n'kukhulupirira chaka china chimodzi, ine n'kufika ndekha asanadziwe kanthu. Kodi ndinachita bwino kumuonetsa mwala uja? Inu mukanatani?